Ophunzira mbiri ku Tete akudikira choko, pamene ntchito yawo ili kumigodi ndi kumadamu

Tete – Mwambo wa graduação ukatha, zithunzi zitajambulidwa ndipo gauni itabwezedwa kwa eni ake, wachinyamata amene wamaliza licenciatura ya História m'chigawo cha Tete amadziwa kolowera. Amapita ku ofesi ya zamaphunziro ya boma lakwawo kukaona ngati pakhoma apachikapo concurso ya aphunzitsi. Wa ku Ulónguè, wa ku Furancungo ndi wa ku Moatize onse amayenda ulendo womwewo. Ambiri amabwerako chimanjamanja, ndipo pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri amayamba kudzifunsa ngati n'kwanzeru kugulitsa ng'ombe za makolo kuti akachite mestrado.

Khomo la kalasi lachepa pa zifukwa zodziwika. Kuyambira mu 2022, pamene boma linakhazikitsa Tabela Salarial Única, TSU, ndalama zolipira antchito a boma zinakwera kwambiri, ndipo pokambirana ndi bungwe la FMI boma lakhala likulonjeza kuzichepetsa. Motero aphunzitsi atsopano amalembedwa ochepa poyerekeza ndi ana amene adzaza m'makalasi, ndipo malo ambiri mwa ochepawo amapita ku pulayimale. Amene ali kale pantchito akhala akudandaula kuti ndalama za maola owonjezera zimachedwa. Pamene khomo likuchepa choncho, otuluka ndi digiri akuchulukirachulukira. Mu 2019 Universidade Pedagógica inagawidwa kukhala mayunivesite asanu, Tete ndi Manica n'kugwera ku Universidade Púnguè, ndipo Universidade Católica nayo imaphunzitsa anthu ali kumudzi kwawo. Mbiri safuna labotale kapena makina, choncho kosi yake sivuta kuitsegula ndi kuidzaza.

Wofuna kupitiriza maphunziro a mbiri nthawi zambiri amayang'ana ku Maputo, ku Universidade Eduardo Mondlane kapena ku Universidade Pedagógica de Maputo, mtunda wa makilomita oposa 1,500 pamsewu. Kumeneko n'kumenenso kuli Arquivo Histórico de Moçambique, nkhokwe ya zikalata zakale yomwe inakhazikitsidwa mu 1934. Lendi, chakudya ndi propina za zaka ziwiri si ndalama yamasewera kwa mwana wa mlimi wa kachewere wa ku Tsangano. Akabwerako ndi pepalalo n'kukaimanso pamzere wa concurso womwe uja, ndiye kuti ng'ombe zija zapita pachabe. Malo ophunzitsa pa yunivesite alipo, koma ndi owerengeka, ndipo amene anawatenga sachokapo msanga.

Chimene ophunzira ambiri sauzidwa ali pasukulu n'chakuti malamulo a dziko lino anakonza kale ntchito ya munthu wodziwa mbiri kunja kwa kalasi. Ndipo chigawo cha Tete, chomwe nthaka yake ikukumbidwa usana ndi usiku, n'chimodzi mwa zigawo zomwe ntchitoyo ili yambiri. Kungoti pa chikalata cholengeza ntchito salembapo mawu oti historiador.

Lamulo 10/88 limateteza chuma cha chikhalidwe, kuyambira nyumba zakale ndi malo opatulika mpaka miyambo ndi nkhani zapakamwa. Decreto 27/94 inawonjezera mfundo yokhudza ndalama: ntchito iliyonse yaikulu yokumba kapena kusuntha nthaka iyenera kuyamba ndi kufufuza ndi kupulumutsa zakale zomwe zili pamalopo, ndipo mu bajeti yake muyenera kukhala gawo losachepera 0.5 peresenti ya mtengo wa ntchitoyo. Theka la peresenti limamveka ngati nsenjere. Koma damu la Mphanda Nkuwa, lomwe likukonzedwa pa Zambezi makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa kuti lizipanga mamegawati 1,500, likuyerekezedwa kuti lidzadya madola a ku America pafupifupi 5 biliyoni. Lamulo litatsatidwa monga linalembedwera, theka la peresenti la ndalama imeneyo likuyandikira madola 25 miliyoni. Boma linasainirana mgwirizano wa ntchitoyi ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo mu Disembala 2023.

Apa pamafunika kunena zoona. Ndalamazo lamulo linazikonzera arqueologia, ndipo chilolezo chokumba chimaperekedwa kwa akatswiri a ntchito imeneyo, osati aliyense amene anaphunzira mbiri. Komabe wokumba sangadziwe yekha kuti pansi pa mlambe uja pali manda a banja liti, kuti phiri lija amapempherapo mvula, kapena kuti mudzi uja unasamutsidwapo kale nthawi ya aldeamento za Apwitikizi. Zimenezo zimadziwika pokhala pamphasa ndi akuluakulu, m'chilankhulo chawo, n'kuyerekeza zimene akunena ndi zikalata zakale. Imeneyo ndiyo ntchito ya wolemba mbiri. Kafukufuku wa mmene ntchito ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, amene Decreto 54/2015 imalamula, amafunanso munthu wotere.

Anthu a ku Moatize anaona kale mtengo wochita zimenezi mothamanga. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kupita ku Cateme ndi ku bairro 25 de Setembro kuti ikumbe malasha. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa, ndipo chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012 yoyendetsa nkhani za kusamutsa anthu. Kusamutsa mudzi si kuwerenga nyumba ndi mitengo ya mango yokha. Pali manda, pali malire a mafumu, pali funso loti nyakwawa wosamutsidwa adzalamulira ndani pa nthaka ya mwini wake wina. Mgodi wa Vale wa ku Moatize unapita m'manja mwa Vulcan mu 2022, ndipo mafunso amenewa sanathe.

Khomo lina, lomwe silitchulidwa kawirikawiri, ndi la malo. Lamulo la malo 19/97 limavomereza kuti mudzi uli ndi ufulu pa nthaka imene wakhalapo motsatira mwambo ngakhale ulibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'deralo umawerengedwa. Mudzi ukafuna kulembetsa malire ake, mbali ina ya ntchitoyo ndi kulemba mbiri yake: anafika liti, anachokera kuti, anapeza ndani, malire anagwirizana ndi yani. Mabungwe othandiza alimi ndi amene amayendetsa ntchito zotere. Ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene anthu achulukana ndipo munda uliwonse uli ndi mwini wake, mbiri yolembedwa bwino imatha kuthetsa mlandu, pamene yolembedwa mwachidule imabala wina.

Nanga ntchitozi akuzigwira ndani? Kawirikawiri makontirakiti amapita kwa makampani a consultoria a ku Maputo kapena akunja, omwe ali ndi kaundula, akatswiri a mestrado ndi doutoramento, komanso mbiri ya ntchito zimene anagwirapo. Iwo akafika ku Tete amafuna womasulira ndi wofunsa mafunso wa masabata awiri kapena atatu, ndipo apo m'pamene mwana wa kuno amalowera, pamalipiro a tsiku. Amene amamva mawu a agogo ndi iyeyo, koma dzina lake silifika pachikuto cha lipoti. Mestrado imakhala ndi phindu pamalo amenewa. Imamuchotsa munthu pampando wa womasulira n'kumuika pa wa wosaina lipoti, makamaka ngati mutu wa kafukufuku wake unali wa malo, wa kusamutsidwa kwa anthu kapena wa chuma cha chikhalidwe, ndipo ngati anaphunzirako kugwiritsa ntchito GPS ndi mapu a pakompyuta.

Kuti mbiri ya Tete ili ndi msika, mabuku olembedwa kunja akuchitira umboni. Allen Isaacman, wa ku America, anayamba kutchuka ndi buku la 1972 lonena za ma prazo a m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu 2013 iye ndi Barbara Isaacman anatulutsa buku la Cahora Bassa lomwe mphamvu yake ili pa mawu a alimi, asodzi ndi anthu amene anamanga damulo. Mustafah Dhada, wobadwira ku Búzi koma wophunzitsa ku America, anatha zaka zambiri akufufuza za kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972, ndipo anasonkhanitsa mayina 385 a ophedwa. Mu Sepitembala 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa ku Maputo chifukwa cha mlanduwo. Nkhani zonsezi zinali m'kamwa mwa anthu a m'chigawo chino. Anazilemba ndi anthu amene anali ndi ndalama za kafukufuku, nthawi, ndi yunivesite kumbuyo kwawo.

Zomwe sizinalembedwe mokwanira n'zochuluka. Ufumu wa Undi, womwe likulu lake linali ku Mano, kumpoto kwa Zambezi, unali umodzi mwa maufumu a Maravi, dzina limene linatsala pa boma la Marávia, ndipo mafumu a Achewa a kuno amapitabe ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia chaka ndi chaka. Pali Angoni a kwa Maseko m'munsi mwa phiri la Dómuè, mishoni za Boroma ndi Lifidzi, ndi ankhondo a Frelimo amene anatsegulanso nkhondo ku Tete mu 1968, omwe ambiri tsopano adutsa zaka 70. Pali anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi pa nkhondo ya zaka 16, n'kubwerera pambuyo pa mgwirizano wa ku Roma wa 4 Okutobala 1992. Nkhani yomalizayi ndi yovuta, chifukwa ochita ndi ochitiridwa akukhala mudzi umodzi mpaka lero, ndipo wophunzira amene angaisankhe ayenera kukhala ndi womuyang'anira wolimba mtima.

Ku mbali ya boma, malo a ntchito za chikhalidwe ndi ochepa. Bungwe la ARPAC, lomwe limafufuza za chikhalidwe ndi mbiri ndipo lili ndi nthambi m'zigawo, limalemba anthu mwa apo ndi apo. Gule Wamkulu anavomerezedwa ndi UNESCO mu 2005 m'dzina la mayiko atatu, Moçambique, Malawi ndi Zambia, koma ulemu umenewo sunabale maofesi ambiri ku Macanga kapena ku Chifunde. Mu 2025 boma linaphatikiza maphunziro ndi chikhalidwe mu unduna umodzi. Ngati kuphatikizako kungakhale ndi phindu kwa ophunzira mbiri, lingaonekere pa mabuku a sukulu. Anthu sanaiwale buku la Ciências Sociais la kalasi 6 lomwe linachotsedwa m'masukulu mu 2022 chifukwa cha zolakwika zochititsa manyazi.

Wosafuna kugulitsa ng'ombe angayese mwayi wa bolsa. Instituto de Bolsas de Estudo imalengeza mipata ya m'dziko muno ndi yakunja. Dziko la Brazil lili ndi pulogalamu ya PEC-PG ya mestrado ndi doutoramento, Portugal imapereka kudzera ku Instituto Camões, ndipo Chevening ya ku Britain imafuna Chingerezi ndi zaka ziwiri za ntchito. Pafupifupi onsewa amafuna projekiti ya kafukufuku yolembedwa, ndipo apa wa ku Tete ali ndi mwayi umene wa ku Maputo alibe. Wolankhula Chipwitikizi ndi Chinyanja angathe kuwerenga zikalata za ku Lisboa, ku Arquivo Histórico Ultramarino ndi ku Torre do Tombo komwe kuli mafayilo a PIDE, kenako n'kukafunsa agogo ake popanda womasulira. Akawonjezera Chingerezi, nkhokwe ya zikalata ya Malawi ku Zomba ili pafupi ndi Ulónguè kuposa Maputo. Ngakhale ku Goa, m'dziko la India, kuli zikalata za chigwa cha Zambezi, popeza dera lino linkalamulidwa kuchokera kumeneko mpaka 1752.

Ntchito ya consultoria siyenera kukometseredwa mopitirira. Ndi ya kanthawi, ilibe penshoni, ndipo wolipira ndi kampani yomwe ikufuna kuti lipoti lithe msanga makina ayambe kukumba. Wolemba mbiri akapeza kuti manda ndi ochuluka kuposa mmene bajeti inayembekezera, adzamva kukakamizidwa, ndipo amene adzamuweruze ndi anthu a kwawo omwe anamuuza nkhani zawo pomukhulupirira. Munthu mmodzi payekha savuta kumupinda. Gulu la akatswiri lomwe lili pansi pa yunivesite limavuta, ndipo n'chifukwa chake zingathandize nthambi ya Universidade Púnguè ya ku Tete itakhala ndi kagulu kolembetsedwa kopikisana pa makontirakiti amenewa, kogwirira pamodzi ndi akatswiri a arqueologia a ku Eduardo Mondlane. Akuluakulu a zachikhalidwe m'chigawo nawonso ali ndi poyambira pofunsa kampani iliyonse yokumba kuti theka la peresenti lija lili kuti ndipo likugwiritsidwa ntchito ndi yani.

Nthawi yochitira zimenezi si yaitali. Madzi a Mphanda Nkuwa akadzakwera adzakhudza midzi ya m'maboma a Marara, Chiúta ndi Cahora Bassa, kumene anthu amalankhula Chinyungwe ndi Chinyanja, ndipo kaundula wa manda, minda ndi malo opatulika amalembedwa kamodzi, konkire isanathiridwe.