Tidziwe Zimene Zili M'nkhokwe ya Mbewu

Anthu ambiri m'dziko muno sanalaweko nyemba za faba, zija zikuluzikulu zophwatalala zimene zimakonda malo ozizira. Koma ku Egypt ndi ku Sudan nyemba zimenezi, zimene eni ake amazitcha ful, ndizo chakudya cha m'mawa cha anthu miyandamiyanda. Kumapiri a dziko la Ethiopia, limene pamodzi ndi China likutsogola pa ulimi wa mbewuyi, faba ndiye ndiwo ya mabanja amene nyama amaiona mwa apo ndi apo. Monga nyemba zina zonse, faba amabwezeranso chonde m'nthaka. Nchifukwa chake ife tikuyamikira ntchito imene akatswiri a zaulimi akugwira yofufuza kusiyana kwa chibadwa pakati pa mitundu ya mbewu imeneyi, ndipo tikuti ntchitoyi iyenera kuthandizidwa ndi mtima wonse.

Chifukwa chake ndi ichi. Chimanga, tirigu ndi mpunga zili ndi abale ake a kutchire. Matenda akavuta m'munda, katswiri amapita kwa abalewo, nakwatitsa mbewu ya kutchire ndi ya kumudzi kuti atengeko mphamvu yopirira. Faba ndi mwana wamasiye. Njere zake zopserera zimene zinafukulidwa ku Galileya ndi kumpoto kwa Syria zikusonyeza kuti anthu akhala akumulima kwa zaka pafupifupi 10,000, koma kholo lake la kutchire silinapezeke likumera paliponse, ndipo kumukwatitsa ndi zomera zofanana naye kwakhala kukulephereka. Tsono kopempha thandizo ndi kumodzi kokha: ku mitundu imene alimi eni ake akhala akusankha ndi kusunga mibadwo yonseyi.

Phindu la kufufuza mitunduyi laoneka kale. Ku Egypt kuli udzu woipa wotchedwa Orobanche, umene umayamwa mizu ya faba monga momwe kaufiti amayamwira chimanga. Akatswiri a kumeneko anapeza mtundu wopirira udzuwo, naupereka kwa alimi m'dzina loti Giza 402. Mphamvu yolimbana ndi nthenda ya madontho ofiirira pamasamba inapezeka mu mbewu yochokera kutali, ku Ecuador. Palinso vuto lina lokhudza moyo wa munthu. Mu njere za faba muli mankhwala achilengedwe amene amaononga magazi a anthu ena obadwa ndi chofooka china m'magazimo, ndipo chofookacho chimapezeka kwambiri m'madera a malungo, kuphatikizapo muno mu Afirika. M'chaka cha 1989 akatswiri a ku France, atayesa mitundu mazanamazana, analengeza kuti apeza umodzi umene mankhwalawo ndi ochepa zedi. M'chaka cha 2021 gwero la mankhwalawo m'chibadwa cha mbewuyi linadziwika. Akadapanda kuyesa mtundu uliwonse paokha, dalitso limeneli likadangogona m'botolo.

Kale kuyesa kunali kwa m'munda mokha: kutalika kwa mtengo wake, masiku otulutsira maluwa, kukula ndi maonekedwe a njere. Njira imeneyi ikufunikabe, koma maso amanyenga, pakuti mitundu iwiri ingafanane khungu koma nkusiyana m'kati. Masiku ano akatswiri amayesanso DNA, ndipo m'chaka cha 2023 anafalitsa ndondomeko yonse ya chibadwa cha faba, imene kukula kwake kuli pafupifupi kanayi kuyerekeza ndi ya munthu. Ntchitoyi imafuna kudekha, chifukwa njuchi zimanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina, kotero kuti mbewu ya mlimi mmodzi imakhala ngati mudzi wa mabanja ambiri. Amene afuna kuidziwa bwino ayenera kuyesa mbewu zambiri za m'munda womwewo, ndiponso kutchinga njuchi pozichulukitsa kuti mitundu isasokonezeke. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tisaiwale kuti nkhokwe nayo imapsa. Bungwe la ICARDA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1977, linasonkhanitsa mitundu ya faba zikwizikwi pafupi ndi mzinda wa Aleppo ku Syria. Nkhondo itabuka m'dzikolo m'chaka cha 2011, ntchito inasokonekera. Mwayi unali wakuti mbewu zambiri zinali zitatumizidwa kale ku nkhokwe yaikulu ya ku Svalbard, m'dziko la Norway, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2008. M'chaka cha 2015 bungweli linakhala loyamba kukatapa mbewu kumeneko, nilikazibzalanso ku Lebanon ndi ku Morocco. Anthu amene anaganiza zosunga mbewu pawiri ngofunika kuwathokoza.

Alipo ena amene amati ndalama zoyesera mbewu zakale zikanagula feteleza kapena kumanga milatho, pakuti phindu lake limachedwa. Nzoona kuti limachedwa. Koma cha m'ma 2010 nthenda yachilendo yotupitsa masamba ndi mitengo ya faba inabuka kumapiri a Ethiopia, niyamba kufalikira m'minda ya anthu. Pa nthawi yotero munthu sayamba kufunsa kuti m'nkhokwe muli chiyani; amayenera kukhala akudziwa kale kumene angayambire kufuna mtundu wopirira. Mbewu yosungidwa popanda kuyesedwa ili ngati buku lotsekeredwa m'bokosi.

Choncho tikupempha maboma ndi mabungwe othandiza kuti popereka ndalama zosungira mbewu aziperekanso zoziyesera, ndipo zotsatira zake zizifika kwa akatswiri a m'mayiko amene amalima mbewuzo. Tikupemphanso alangizi kuti pofalitsa mbewu zamakono asamanyoze zamakolo, chifukwa zamakonozo zimabadwa kuchokera ku zamakolo zomwezo. Phunziro limeneli likutikhudza ifenso amene tili ndi nzama, khobwe ndi nandolo zamitundumitundu m'midzi mwathu. Mayi amene amasunga mbewu yake mu chiguli chaka ndi chaka akugwira ntchito imodzi ndi katswiri wa ku sukulu ya ukachenjede, ndipo onse awiri ayenera kupatsidwa ulemu ndi thandizo.