Katundu wa Kutsidya kwa Nyanja Sadziyendera Yekha

Munthu wa ku Makandanyama amene wasunga ndalama zaka zambiri kuti agule cigayo ku China kapena galimoto ku Japan, kawiri-kawiri aganiza kuti akalipira mtengo wake nkhani yatha. Iai, pamenepo ndiye poyambira. Dziko lathu la Zambia silinafike ku nyanja yamcere, motero katundu ameneyo ayenera kutsikira pa doko la eni ake, monga Dar es Salaam, Beira kapena Durban, asanayambe ulendo wa pamtunda.

Muno m'Kabwe, momwe muli likulu la Zambia Railways, za maulendo a katundu sizacilendo. Akulu-akulu akumbukira caka ca 1973 pamene Ian Smith anatseka malire a Rhodesia, ndiponso mpumulo umene tinaupeza mu 1975 itatha njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika pa Kapiri Mposhi pompa. Koma njanji silemba makalata. Nchito imeneyo ndi ya ejenti wotumiza katundu.

Iyeyu ndiye apezera katundu malo m'sitima ya pamadzi, asamala cikalata ca bill of lading cimene popanda ico katundu satuluka padoko, afuna lole kapena bogi, nakonza za msonkho pa malire a Nakonde. Kalata imodzi ikacedwa, katundu agona padoko, ndipo masiku aulere akatha, tsiku liri lonse liri ndi malipiro ake. Wolipira ndinu eni katundu, si ejenti ai.

Cotidetsa nkhawa ndi anthu ena oyendayenda pa malire, cikwama m'khwapa, odzicha maejenti cikhalireco alibe ofesi ngakhale laisensi. Ejenti woombola katundu ku kasitomu ayenera kukhala ndi laisensi yocokera ku bungwe lokhometsa misonkho la ZRA. Musacite manyazi kuifunsa. Musanatulutse ngwee, auzeni akulembereni papepala mtengo wa sitima, wa padoko, wa lole, msonkho ndi malipiro ao, ciri conse pacokha, ndipo msonkho ukaperekedwa muone risiti la ZRA ndi maso anu.

Nalo bungwe la ZRA tilipempha kuti lizilengeza njira yodziwira maejenti obvomerezeka pa wailesi, m'Cinyanja, m'Cibemba ndi m'zilankhulo zina, pakuti mlimi wofuna cigayo sapita pa intaneti kukawerenga zidziwitso za m'Cizungu.