Alendo a ku Likoma apindulira yani?

Munthu wa pa Manjawira m'boma la Ntcheu akhoza kufunsa kuti nkhani za ku Likoma, chilumba chomwe sadachipondepo, zikumukhudza bwanji. Komatu vuto la msodzi wa kumeneko ndi limodzimodzi ndi la wootcha makala wa kuno: onse amauzidwa kuti asamale chilengedwe pomwe kunyumba ana akulirira nsima.

Likoma ndi boma laling'ono kuposa onse m'dziko muno. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu pali anthu oposa 14,000. Zilumbazi ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Nthaka yake ndi yamiyala, choncho chimanga ndi katundu wambiri zimachokera kumtunda pa sitima monga ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda mu 1951.

Kutalikira komwe kumavutitsa eni chilumbaku ndi kumene kumakopa alendo. Iwo amatsata bata, madzi oyera, milambe, nsomba zamawangamawanga za mbuna komanso tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe a Anglican adayamba kumanga mu 1903.

Koma funso nali: ndalama za mlendo zimatsala kuti? Mlendo akatera pa ndege, n'kukagona ndi kudyera pa malo amodzi, kenaka n'kunyamuka, mayi wogulitsa usipa amangoona fumbi la galimoto. Nanga msodzi amene sadalaweko ndalamazo angasiye bwanji kukokera khoka lake pamalo pomwe nsomba zimaswanirana?

Ntchito yokopa alendo mosamala chilengedwe imayenda pokhapokha eni dera akamadya nawo. Malo ogona alendo ayenera kulemba ntchito ana a pachilumbapo, kugula nsomba ndi ndiwo zamasamba kwa anthu a pomwepo, ndipo khonsolo izionetsa poyera momwe ndalama za misonkho zagwirira ntchito. Boma nalo likonze za maulendo, chifukwa sitima ikaima, amavutika ndi mlendo ndi wodwala yemwe.

Phunziroli lifike ndi pa Manjawira pomwe. Alendo amadutsa pano tsiku ndi tsiku pamsewu wa M1, koma chomwe timawaonetsa ndi matumba a makala. Mtengo uli chiimire ukapanda kubweretsa ndalama pakhomo, nkhwangwa siileka kulira.

Paja akulu adati mlendo ndi mame. Asanakamuke, eni mudzi ayenera kukhala atanyowako.