Azaumoyo akabwera ndi foni, musawabisire

Ana anga, sabata ino ndati tikambirane za alangizi a zaumoyo amene masiku ano akumafika pakhomo atanyamula foni kapena tabuleti m'malo mwa chikaundula chija tinachizolowera. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti mayina anu ndi a ana anu akumapita nawo kuti. Abambo ena afika mpaka poletsa akazi awo kuyankha mafunso. Kufunsa n'kwabwino ndithu, koma kuletsako ndiye ayi.

Nkhani yake ili chonchi. M'fonimo muli fomu. Mlangizi amalembamo dzina la mwana, tsiku limene anabadwa, katemera amene walandira, kulemera kwake ndi muyeso wa mkono wake. Kaya kwanuko kulibe netiweki, foni imasunga zonsezo, ndipo akangofika pamene pali netiweki zimadutsa pa intaneti kupita ku makompyuta a Unduna wa Zaumoyo. Undunawu umagwiritsa ntchito dongosolo lotchedwa DHIS2, limene linapangidwa ku University of Oslo m'dziko la Norway, ndipo mayiko ambiri a muno mu Africa amaligwiritsanso ntchito.

Zimenezi si zachilendo ayi. Mu 2011 alangizi a m'maboma ena anayamba kutumiza uthenga wa pafoni kudzera mu cStock pofuna kudziwitsa chipatala kuti LA, ORS kapena zinc watsala wochuluka bwanji. Mu 2018 kalembera wa anthu anachitika ndi matabuleti, ndipo tinapezeka kuti tilipo 17.5 miliyoni.

Nthawi imene ife tinkagwira ntchito ya unamwino, lipoti la papepala linkayenda pa njinga mwezi ukatha. Dzinja mitsinje ikadzaza linkachedwa, mwinanso kufika litanyowa osawerengeka. Chonsecho matenda sadikira. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anatenga anthu oposa 1,700. Pa mliri ngati umenewo, uthenga wofika lero m'malo mwa mwezi wamawa ndiwo umapulumutsa mudzi.

Ndiye mbali yanu ndi iti?

Choyamba, nenani zoona. Foni ilibe nzeru zakezake, imangosunga zimene mwaiuza. Mukanena kuti mwana anabayitsa katemera wa chikuku wa pa miyezi 9 pamene sanabayitse, kaundula aonetsa kuti mwanayo ndi wotetezedwa, ndipo palibe adzamulondole. Chimodzimodzi mimba. Ndikudziwa kuti ena mumabisa miyezi yoyambirira poopa anthu oipa, koma sikelo ya amayi iyenera kuyamba mimba isanapitirire miyezi 3. Akuluakulu anati mukabisa matenda, maliro tidzamva.

Chachiwiri, sungani bwino buku la kuchipatala la mwana. Musati poti zalowa m'foni ndiye bukulo latha ntchito. Foni imatha moto, imabedwa, imagwera m'madzi. Bukulo ndi limene mudzanyamule usiku mwana akatentha thupi. Liikeni m'pepala la pulasitiki, ndipo mlangizi akabwera litulutseni kuti akopere masiku enieni a katemera: pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, kenako pa miyezi 9 ndi 15.

Chachitatu, funsani zimene walemba. Akayeza mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5, tepi n'kufika pofiira, ndiye kuti sunakwane masentimita 11.5. Mwana ameneyo akunyentchera kwambiri ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira sikelo ya mwezi wamawa.

Chachinayi, chinsinsi chanu ndi ufulu wanu. Nkhani ya HIV, kulera kapena mimba si yokambira pabwalo apongozi ndi aneba atatchera khutu. Muuzeni mlangizi kuti mukhale poduka mphepo. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act, choncho musachite manyazi kufunsa chifukwa chimene akulembera zimenezo ndi amene adzazione.

Chomaliza, chenjerani ndi akathyali. Si aliyense wonyamula tabuleti amene ali wa boma. Ngati nkhope ndi yachilendo, muuzeni aonetse chiphaso cha ntchito, apo ayi kafunseni kwa amfumu kapena kuchipatala chanu. Wazaumoyo weniweni safunsa nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo salipiritsa kuti dzina lanu lilembedwe.

Inu abambo, tsiku limene mlangizi akubwera musathawire ku bawo. Khalani pamphasa pomwepo ndi mayi a kunyumba, mumve nokha mafunsowo, ndipo tsiku la katemera wotsatira mulisunge ndinu. Mwanayo ndi wa nonse awiri.

Tikumanenso Lamulungu likubwerali.