ZA UMOYO WA M'BANJA: Shuga Saluma Mofanana

Nthenda ya shuga iwononga mitsempha ya mwazi, koma siigwira mitundu yonse mofanana. Ku Britain, kuyambira chaka cha 1977, madotolo anayang'anira odwala 5,102. Anapeza kuti Amwenye iwagwira asanakalambe, mafuta ataunjikana pamimba. Anthu akuda a ku Caribbean, amene makolo awo anachokera kuno ku Africa, mitsempha ya mtima wawo siitsekeka kawirikawiri monga ya Azungu. Koma mwazi wawo uthamanga koposa, ndipo kuthamangako ndiko kupha ziwalo ndi kuwononga impso.

Tsono ife tisadzinyenge kuti tapulumuka. Wodwala shuga m'nyumba mwanu ayezetsenso kuthamanga kwa mwazi, achepetse mchere m'ndiwo, aleke fodya, amwe mankhwala osadumphitsa tsiku. Kumbukirani, mtsinje wa Tinkanena unathera m'Siizi.