Mantha Adayamba Kugwa, Mfuti Idatsatira

Inu anzanga a m'tauni, amene mukakhala pa mowa mumati munthu wa ku Ntaja ndi mbuli, ati amagulitsa voti ndi chitenje ndi mchere, taimani ndikufunseni: kodi adachotsa Kamuzu pampando ndani?

Kumbukirani kuti masiku amenewo chipani cha Kongeresi chidali ndi mfuti zakezake m'manja mwa a Payoniya, uku a Yufi atatseka khomo la msika: wopanda khadi, bwerera ndi nandolo wako. Koma pa riferendamu ya pa 14 June 1993, anthu 63 mwa 100 alionse adasankha nyali ya matipate, nakana tambala wakuda. Tsiku limenelo a Payoniya adali asanalandidwe ndi chipolopolo chimodzi chomwe! Asilikali adadzawalanda zidazo mu December, pa Operation Bwezani. Ndiye ine ndikuti adayamba kugwa ndi mantha, mfuti idangotsatira.

Nanga manthawo adatha bwanji, poti wailesi ya MBC idali m'thumba mwa chipani? Kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992 boma lidailetsa, koma idayendabe mobisa. Nkhani idafika pa mjigo, pa bawo, pa maliro, panja pa mzikiti Lachisanu. Wonong'oneza adali mlamu wako kapena atsibweni ako, osati mlendo wa pa galimoto.

Ndipo ku Machinga komweko, kwawo kwa a Bakili Muluzi, anthu mu 2019 adamana mwana wawo Atupele mpando wa Machinga North East, naupereka kwa woima payekha. Mbuli zimatero?

Tsono ngati phungu wanu wakukwanani, kumutukwana pa Facebook n'kutaya nthawi. Pitani kumudzi kampeni isanayambe. Musanyoze amene adamuvotera: munthu ukamutcha chitsiru amakakamira pomwepo. Mufunseni mwaulemu kuti ndalama za CDF zidamanga mlatho uti. Auzeni agogo kuti m'kachipinda kovotera mulibe mfumu, mulibe wogawa chitenje. Perekezani achinyamata ku kalembera. Ndipo gwirizanani pa munthu mmodzi, chifukwa phungu amapambana ngakhale ndi voti imodzi. Mukaimika asanu, mwamubwezera nokha ku Nyumba ya Malamulo.

Paja nkhanga zidapangana kusanapse. Basi ya ku Ntaja ilipo, anzanga, kwerani.