Nanga chigayo bwanji simunachilembe?

Mdzukulu wanga wa ku Moatize anapatsidwa ntchito yokalembera kunyumba, yoti atchule zipangizo zimene zinapeputsa ntchito zapakhomo. Anabwereka foni ya bambo ake n'kukopera m'Chipwitikizi chosalala makina ochapa zovala, oyamwa fumbi ndi otsuka mbale. Aphunzitsi anachonga zonse. Komatu kwawoko wotsuka mbale ndi iye yemwe, ndipo chigayo, kumene amatumidwa Loweruka thumba lili pamutu, sanachilembe n'komwe.

Inu amene munakulira ku Zóbuè, ku Angónia kapena tsidya lija la Mwanza mukudziwa ulendo wa chimanga chisanasanduke nsima. Mayi ankadzuka tambala woyamba n'kuyamba kukonola mumtondo, kuthiramo timadzi, kupeta m'lichero kuti gaga achoke. Mphale ija aiviike masiku angapo, aitsuke, aisinje, asefe, zotsala abwezerenso mumtondo, kenako ufa auyanike pamphasa uku akulimbana ndi nkhuku ndi mbuzi. M'manja munali zikang'a zokhazokha. Mtsikana wothandiza mayi ake ntchito yotereyi akanapita kusukulu nthawi yanji? Ine ndimati ngati lero m'makalasi mwadzaza atsikana, chigayo cha dizilo chinachitapo zambiri kuposa misonkhano yonse ija timakadyerako nkhuku ndi maalawansi.

Chinatilanda kanthu ndithu. Pamtondo ndi pamene amayi ankaimba nyimbo zodzudzula mwamuna woledzera kapena apongozi ovuta, wina osawazenga mlandu. Pachigayo n'phokoso lokhalokha, ngakhale miseche simveka.

Pajatu akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mwana muuzeni, palibe choipa, kuti Henry Seeley wa ku New York analembetsa nsimbi yamagetsi mu 1882. Koma muyambe mwamuonetsa nsimbi yamakala, ija yokhala ndi katambala kotsekera, aone mmene timaikupizira kuti moto uyake, mmene kaphulusa kamodzi kamaonongera malaya oyera a ku tchalitchi, ndiponso chifukwa chake agogo sankalola mwana kuvala chosasita: kutentha kumapha mazira a mphutsi zoboola khungu.

Akakhala wochenjera adzafunsa yekha chifukwa chake nsimbi imeneyi ikugwirabe ntchito kwa azakhali ake kumudzi, ndipo funso limenelo ndi limene limandiwawa ine. Damu la Cahora Bassa linamalizidwa mu 1974 m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, koma magetsi ake ambiri amalowera ku South Africa. Mgodi waukulu wa malasha ku Moatize unayamba kutulutsa mu 2011, ndipo sitima zimawakoka kudutsa m'Malawi mpaka kudoko la Nacala. Ife eni nthaka tikamakwera chapa kupita ku Zóbuè timawerenga matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu, mapiri akumetedwa mpala kuti mbaula iyake. Za makina oyamwa fumbi mwanayo adzazimva akadzakhala ndi kapeti.

Aphunzitsi, tsiku lina mudzabwereke mtondo ndi minsi iwiri, mudzaike pabwalo la sukulu pamodzi ndi ndowa ya chimanga. Aliyense asinjeko mphindi 10 asanatsegule kope. Ayambe ndi anyamata.